Mbalame yapepala imene sinachiritse Sadako

M'paki yokumbukira mtendere mumzinda wa Hiroshima, ku Japan, muli chipilala chotalika mamita 9, ndipo pamwamba pake paimirira chiboliboli cha mtsikana. Watambasula manja m'mwamba, wanyamula mbalame yachitsulo yooneka ngati yopindidwa ndi pepala. Kunsi kwake kuli belu limene silikhala chete nthawi yaitali, poti ana asukulu amafika m'mabasi kuchokera m'zigawo zonse za dzikolo. Amafola mizere atavala yunifolomu, amawerama, mmodzi amawerenga mawu amene kalasi yonse inagwirizana, kenaka awiri kapena atatu amanyamula mtolo wa mbalame zapepala zotungidwa paulusi ngati mikanda, zofiira, zachikasu, zobiriwira, n'kukaukoleka m'tinyumba toonekera m'kati timene tazungulira chipilalacho. Tinyumbato sitichedwa kudzaza. Akuluakulu a mzindawo amati pachaka pamafika mbalame pafupifupi 10 miliyoni, zolemera matani 10, zina zobwera pamanja, zina papositi kuchokera kumayiko akutali.

Gwero la zonsezi ndi mwana mmodzi amene anapinda mbalame zake pofuna kuchira, koma sanachire.

Aliyense wofuna kuikira kumbuyo mwambowu ayenera kuyambira pomwepo, osabisa. Mbalame yapepala si mankhwala, si chithumwa, ndipo palibe bomba limene inalitsekereza m'mlengalenga. Mphamvu imene ili nayo ndi yamtundu wina. Imatenga chinthu chachikulu mosaneneka, imfa ya anthu ochuluka kuposa amene mutu ungawerenge, n'kuchichepetsa mpaka chikwane m'dzanja la mwana wa sitandade 4, kenaka n'kumulipiritsa mwanayo nthawi yake ndi zala zake kuti achigwire. Ikamayenda pamodzi ndi choonadi ndi dandaulo lomveka, imagwira ntchito imene zikalata za maboma zimalephera. Ikangolekanitsidwa ndi ziwirizo, imasanduka chinyalala chokongola, ndipo mbiri ili ndi umboni wa mbali zonse ziwiri.

Mwana uja, Sadako Sasaki, anali ndi zaka 2 pamene ndege ya America inaponya bomba la atomiki pa Hiroshima, nthawi ili 8:15 m'mawa wa pa 6 Ogasiti 1945. Kwawo kunali mtunda wosakwana makilomita awiri kuchokera pamene bombalo linaphulikira. Chimphepo chake chinamutaya, koma anamutola alibe bala. Pothawa moto, iye ndi mayi ake ananyowa ndi mvula yakuda, yodzaza mwaye ndi poizoni wa bombalo. Agogo ake aakazi anamwalira tsiku lomwelo, ndipo pofika kumapeto kwa chaka anthu pafupifupi 140,000 a mumzindawo anali atapita. Sadako anakula wathanzi, katswiri wa liwiro pasukulu ya pulaimale ya Nobori-cho. Matenda anadikira zaka zisanu ndi zinayi. Chakumapeto kwa 1954 khosi linayamba kutupa, kenaka miyendo inatuluka mawanga, ndipo mu Febuluwale 1955 anagonekedwa pachipatala cha Red Cross mumzindamo atapezeka ndi khansa ya m'magazi. Sanali yekha. Madokotala anali ataona kale kuti nthendayi ikuchuluka pakati pa opulumuka, makamaka amene bomba linawapeza ali ana.

Mu Ogasiti chaka chomwecho, pachipatalapo panafika mphatso ya mbalame zapepala kuchokera kwa anthu a mumzinda wa Nagoya. Mbalame imene amaiyerekezayo Ajapani amaitcha tsuru, yaitali miyendo ndi khosi, yofananako ndi dokowe kapena kakowa. Mwambi wawo umati imakhala ndi moyo zaka chikwi, n'chifukwa chake imaimira moyo wautali. Luso lopinda mapepala, origami, ndi lakalekale kumeneko, moti buku lophunzitsa kapindidwe ka mbalame zolumikizana linasindikizidwa mu 1797. Panalinso chikhulupiriro chakuti wopinda mbalame chikwi, zimene amazitcha senbazuru, chokhumba chake chimachitika. Sadako anayamba kupinda. Mapepala anali osowa, choncho ankagwiritsa ntchito okulungira mankhwala ndi a maswiti, ndipo atachepa kwambiri ankapinda timbalame tating'onoting'ono mothandizidwa ndi singano. Anamwalira pa 25 Okutobala 1955 ali ndi zaka 12.

Apa pali mfundo imene ambiri kunja kwa Japan anaiphunzira molakwika. Buku la ana la Eleanor Coerr, lotuluka mu 1977, ndilo linafalitsa kwambiri nkhaniyi m'masukulu a ku America ndi kwina, ndipo limati Sadako anapinda mbalame 644 zokha, anzake n'kumalizitsa zotsalazo. A m'banja lake, kuphatikizapo mlongo wake wamkulu Masahiro Sasaki, akhala akunena zosiyana: anakwanitsa chikwi, sanachire, ndipo anapitiriza kupinda. Kusiyanaku si kwa manambala chabe. Nkhani ya 644 imasiya kampata koti munthu aganize kuti akanafika pachikwi mwina akanadzuka, ndiye kuti matsenga anali oona, nthawi ndiyo inamuthera. Nkhani yeniyeni imatseka kampatako. Mwana anachita zonse zimene chikhulupiriro chinafuna, magazi ake n'kumaipirabe. Atamwalira kunapezeka kapepala kamene ankalembapo mobisa zotsatira za kupimidwa kwa magazi ake, chizindikiro chakuti ankadziwa zambiri kuposa zimene akuluakulu ankamuuza. Ndiye ankapindiranji? Yankho lomveka ndi lakuti m'chipinda chimene zonse zinkachitika pa iye, jakisoni, kupimidwa, kuthiridwa magazi, kupinda kunali chinthu chimodzi chimene iye mwini ankachita. Wodwala amene walandidwa zonse akapeza ntchito imene manja ake angayambe n'kuimaliza, amabwezeredwa ulemu wake ngakhale thupi likukana. Machiritso amene pepala lingapereke ndi amenewo, ndipo si aang'ono.

Kuti timvetse chifukwa chake mwana mmodziyu anagwedeza dziko, tiyenera kukumbukira chete amene anaphimba Hiroshima. Kuyambira mu Seputembala 1945, asilikali a America amene ankalamulira Japan anaika malamulo okhwima pa zofalitsa nkhani, ndipo zambiri zokhudza zimene bomba linachita pamatupi a anthu sizinkaloledwa kusindikizidwa mpaka ulamulirowo utatha mu 1952. Bungwe limene America inakhazikitsa lofufuza opulumuka linkawapima koma osawapatsa mankhwala, zimene zinawawa anthu kwambiri. Opulumukawo, amene amatchedwa hibakusha, ankasalidwa ndi anzawo omwe. Ena ankakanidwa ntchito, ena ukwati, poopa kuti adzabereka ana olumala, moti ambiri ankabisa kumene anali tsiku la bomba. Zinthu zinayamba kusintha mu Malichi 1954, pamene phulusa la bomba limene America inkayesa ku Bikini linagwera asodzi a m'bwato la Daigo Fukuryu Maru, mmodzi wa iwo n'kumwalira patapita miyezi. Anthu oposa 30 miliyoni anasaina chikalata chokana zida zimenezi. Sadako anamwalira mtima wa dziko utayamba kale kutseguka.

Anzake a m'kalasi ndiwo anachita chotsatira. Anayamba kusonkha ndalama zomangira chipilala cha ana onse ophedwa ndi bomba, nagawa timapepala topempha thandizo, mpaka masukulu oposa 3,000 anaponyapo kangachepe. Chipilala chinatsegulidwa pa 5 Meyi 1958, tsiku la ana ku Japan. Sikungakhale kulondola kunena kuti mbalame yapepala ndiyo inabweretsa bungwe la opulumuka la Nihon Hidankyo mu 1956, kapena lamulo la 1957 lowapatsa chithandizo cha kuchipatala. Zimenezo zinabwera ndi misonkhano, maulendo opita ku Tokyo ndi kulimba mtima kwa anthu amene anavula malaya pagulu kuonetsa zipsera zawo. Koma gulu lililonse limafuna chizindikiro chimene munthu wamba anganyamule, ndipo sizinangochitika mwangozi kuti Nihon Hidankyo ili ndi mbalame yapepala pachizindikiro chake. Nambala ya 140,000 imalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Mtsikana wa liwiro amene miyendo yake inaleka kumunyamula amakhala m'mutu. Ndipo kupinda sikufanana ndi kumva chabe. Ngati mbalame imodzi itenga mphindi zitatu, chikwi ndi maola 50 a manja a anthu. Kalasi imene yagawana ntchitoyo imatha masabata ikufunsa aphunzitsi kuti mwanayu anali ndani, anadwala chiyani, anaponya bomba ndani ndipo chifukwa chiyani.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo yoyamba makolo athu anaiika m'mawu ochepa: pepani sapoletsa chilonda. Ku Japan komweko mkangano umabuka kawirikawiri kukagwa tsoka. Anthu ofuna madzi, mabulangete ndi ndalama amalandira makatoni a mbalame zapepala ofuna malo osungira ndi anthu ozisamalira, ndipo mu 2022 ambiri anadzudzula maganizo otumiza mbalamezi ku ofesi ya kazembe wa Ukraine nkhondo ili m'kati. Koma chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha ku Thailand. Pa 25 Okutobala 2004, m'tauni ya Tak Bai kummwera kwa dzikolo, kumene ambiri ndi Asilamu, asilikali anabalalitsa zionetsero ndipo anthu 85 anafa. Mwa iwo, 78 anafera m'malole chifukwa chobanika, ataunjikidwa ngati matumba, manja atamangidwa kumbuyo. Patangopita milungu isanu ndi umodzi, pa 5 Disembala, boma la Thaksin Shinawatra linatumiza ndege zankhondo kukamwaza mbalame zapepala pafupifupi 100 miliyoni pamwamba pa zigawo zomwezo monga uthenga wa mtendere. Anthu ambiri a ku Thailand anazipinda ndi mtima wabwino. Komabe ziwawa zinapitirira kwa zaka zambiri n'kupha anthu zikwizikwi, ndipo palibe mkulu wa asilikali amene anamangidwa chifukwa cha imfa za ku Tak Bai.

Mfundoyi ndi yoona, ndipo siyenera kufewetsedwa. Chimene ikutiphunzitsa, komabe, si chakuti chizindikirocho n'chachabe, koma kuti tanthauzo lake limadalira amene wapinda ndi amene akulandira. Ku Hiroshima mbalame inachokera pansi, m'manja mwa wodwala ndi anzake olira, kupita kumwamba kwa olamulira ngati dandaulo. Ku Thailand inachokera kumwamba, m'ndege za boma lomwe asilikali ake anapha, kugwera pa anamfedwa m'malo mwa chilungamo. Tonse timadziwa kusiyana kumeneku pamaliro. Mnansi amene wabwera kudzagona pasiwa sadzutsa wakufa, ndipo palibe amene amamunena kuti wataya nthawi, poti maliro n'kulirana. Koma munthu amene wapha mwana wako akabwera ndi nkhata yamaluwa, osavomera mlandu, osatchula za chipukuta misozi, nkhatayo ndi chipongwe. Maluwa ake ndi omwewo. Za makatoni otumizidwa kumalo a tsoka, yankho lake ndi lapafupi: wanjala apatsidwe chakudya kaye, ndipo funsani olandira musanatumize. Mzinda wa Hiroshima umavomera kulandira mbalamezi, unazikonzera malo, ndipo zikachuluka umazipereka kwa anthu ndi mabungwe amene amazisandutsanso mapepala atsopano.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyamba. Ku China, ku Korea ndi kumayiko ena a ku Asia kuli anthu amene amati nkhani ya Sadako imathandiza Japan kudzionetsa ngati wolakwiridwa, pomwe ndiye anayamba nkhondo. Amakumbutsa za kuphedwa kwa anthu ku Nanjing mu 1937, za akazi amene anagwidwa ukapolo kuti azigonedwa ndi asilikali, za amuna ogwiritsidwa ntchito yakalavula gaga m'migodi ndi m'mafakitale. Nkhondo imeneyo sinali kutali ndi ife monga mmene mapu amaonetsera, chifukwa asilikali a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles anakamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma, ena osabwerako. Ngakhale m'paki yamtendere momwemo muli umboni wa kuiwala kosankha. Anthu ambirimbiri a ku Korea anafa ndi bomba la Hiroshima, ambiri a iwo atabweretsedwa mokakamizidwa, koma chipilala chawo chimene chinamangidwa mu 1970 chinakhala kunja kwa pakiyo, kutsidya kwa mtsinje, mpaka 1999. Mbali inayo nakonso kuli chodandaulitsa. Barack Obama atapita ku Hiroshima pa 27 Meyi 2016, woyamba kutero mwa atsogoleri a America ali pampando, anabweretsa mbalame zinayi zapepala, koma sanapepese, ndipo dziko lake linapitiriza kukonzanso zida zake za nyukiliya.

Palibe chifukwa chokanira zimenezi. Chizindikiro chilichonse chingathe kubedwa ndi andale. Koma mlandu wa akuluakulu a asilikali a Japan sungaikidwe pamutu pa mwana amene anali ndi zaka 2, ndipo kukumbukira iye sikulamula munthu kuiwala Nanjing. Chofunika kuona ndi kumene eni nkhaniyo anaitengera mbalameyo. Masahiro Sasaki sanaisunge ngati chuma cha Japan yokha. Timbalame tenitenito timene mlongo wake anapinda anatipereka kumalo a zilonda za anthu ena: kumalo okumbukira ophedwa pa 11 Seputembala 2001 ku New York, ndi ku Pearl Harbor, kumene ndege za Japan zinapha Aamerika oposa 2,000 mu Disembala 1941. Kena anakapereka ku laibulale ya Harry Truman, mtsogoleri amene analamula kuti bomba liponyedwe, mogwirizana ndi mdzukulu wa Truman, Clifton Truman Daniel, amene anapita ku Hiroshima mu 2012 kukamvetsera opulumuka. Munthu amene akupereka chotsala cha mlongo wake kunyumba ya amene analamula imfa yake sakufuna kupambana mkangano wa amene anavutika kwambiri. Akuika mwana pakati pa mbali ziwiri kuti zonse zimuyang'ane. Ku America komweko, Aamerika a mtundu wa Chijapani amene mabanja awo, anthu pafupifupi 120,000, anatsekeredwa m'misasa nthawi ya nkhondo, anayambitsa gulu la Tsuru for Solidarity mu 2019, n'kumakoleka mbalame zapepala pamipanda ya malo otsekerako ana a anthu olowa m'dzikolo. Ana amenewo sanali Ajapani. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, ndipo a gululo anali atachiona kale dzulo lake.

Chatsala ndi chitsutso chouma kwambiri: zaka zonsezi za kupinda, koma padziko pakadali mabomba a nyukiliya pafupifupi 12,000 m'manja mwa mayiko asanu ndi anayi. Zoona. Koma n'zoonanso kuti chiphulikire bomba la ku Nagasaki pa 9 Ogasiti 1945, palibe dziko limene laponyanso chida chimenechi pankhondo, ngakhale kuti mayiko okhala nacho amenya nkhondo zambiri, zina n'kugonja. Akatswiri ena amati chifukwa chake ndi mantha a kubwezerana, ndipo mantha alipodi. Koma mantha okha safotokoza chifukwa chake bomba silinaponyedwe pa adani amene analibe lobwezera. Pali chinanso, chimene komiti ya mphoto ya Nobel inachitchula popereka mphoto yamtendere kwa Nihon Hidankyo mu 2024: kugwiritsa ntchito chidachi kunasanduka chonyansa pamaso pa anthu, ndipo umboni wa opulumuka unathandiza kwambiri kuti zikhale choncho. Chonyansa sichikhazikika ndi lamulo lokha. Chimaphunzitsidwa kwa ana, mbadwo ndi mbadwo, monga mmene timaphunzitsira miyambo ina yonse, ndipo chikaleka kuphunzitsidwa chimafwifwa. Mu 2025 chiwerengero cha opulumuka amene akadali moyo chinatsika kufika pansi pa 100,000 koyamba, ndipo ambiri apitirira zaka 80. Posachedwa sipadzakhala woimirira kutsogolo kwa kalasi n'kunena kuti ndinaliona ndi maso anga. Padzafunika chinthu chimene mwana wa ku Lima, ku Lusaka kapena ku Leeds angachite ndi manja ake kuti nkhaniyo imulowe, ndipo pepala lambali zinayi zofanana limapezeka ngakhale pasukulu yosauka.

Africa si mlendo pankhaniyi. Miyala yambiri ya yureniyamu imene America inagwiritsa ntchito popanga mabomba oyamba inakumbidwa ku Shinkolobwe, m'chigawo cha Katanga ku Congo, ndi anthu amene sanauzidwe chimene ankakumba. South Africa inapanga mabomba ake n'kuwaphwasula yokha, ndipo pangano la Pelindaba la 1996 linalengeza kuti Africa ikhale yopanda zida za nyukiliya. Pamene mayiko 122 anavomereza pangano la United Nations loletseratu zidazi pa 7 Julayi 2017, ambiri mwa iwo anali a ku Africa, ku Latin America ndi kuzilumba za Pacific. Panganolo linayamba kugwira ntchito pa 22 Januwale 2021, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene analisaina n'kulivomereza. Mayiko onse okhala ndi mabomba analikana.

Japan nayo inalikana, poti chitetezo chake chimadalira mabomba a America. Pamene zokambirana za panganolo zinkachitika ku New York mu Malichi 2017, opulumuka a ku Hiroshima anakalankhula pamaso pa nthumwi za mayiko, koma boma la kwawo linakana kutenga nawo mbali. Mpando wa Japan m'holoyo unakhala wopanda munthu. Omenyera panganolo anaika mbalame yoyera yapepala patebulo lopanda mwini wakelo, pafupi ndi chikwangwani cha dzina la dzikolo, atalemba paphiko lake mawu ochepa osonyeza kuti akanakonda Japan ikanakhalapo. Atolankhani anaijambula, ndipo chithunzicho chinafika m'manyuzipepala ndi pa wailesi zakanema za ku Japan, kumene ana asukulu anali akupindabe mbalame zopita nazo kwa Sadako.